Tambala wa mu Ofesi ya Msonkho

Foni inalira chigayo chili mkati mobangula,
matumba a mpunga wa ku Mpondagaga ali pamzere.
Ndinatuluka panja, mankhusu ali mbuu m'ndevu,
chala chimodzi chili m'khutu.

"Bambo Jafali? Eni chigayo cha Tiyesenso, pa Linga?"
Mawu osalala ngati malaya ositidwa kumene.
"Kuno ndi ku ofesi ya msonkho.
Mabuku akuonetsa ngongole,
chindapusa chakwera usiku wathawu.
Ikamakwana folo koloko tifika ndi loko ndi apolisi awiri.
Koma poti ndinu munthu wamkulu, tikhoza kuthandizana."

Kuthandizana.
Liwu limenelo ndinalimvera m'maondo.

Ankadziwa dzina langa, ankadziwa la chigayo,
ndipo ine, ndi imvi zonsezi,
sindinakumbuke kuti ndinazilemba ndekha pakhoma
ndi penti yofiira, nambala ya foni m'munsi mwake,
kuti aliyense wopita ku Dwangwa awerenge ali pawindo la basi.

"Tumizani pa nambala ndikupatseniyi.
Musadule foni.
Musauze munthu, za msonkho n'zachinsinsi."

Ndinathamanga, ine wa nyamakazi,
ndalama za dizilo ndi fizi ya Asiyatu
zikunyowa ndi thukuta m'thumba la buluku.
Pansi pa ambulera yozilala
Mwandida, ejenti wathu, analemba nambala ija
n'kuima.
"Ankolo, dzina latuluka apali ndi la munthu.
Boma linayamba liti kutchedwa Sitivini?"

Foni ikadali kukhutu.
Ndipo mkati mwa ofesi ya msonkho ija,
kuseri kwa mawu osalala aja,
tambala analira.
Kokoliliko wathunthu, wa pakhomo pa munthu.
Kenako mayi wina anakalipira mwana
kuti achoke pafupi ndi mtondo.

Ndinati, "Achimwene, ofesi yanuyo ili mbali iti?
Ndibwere ndekha ndi malisiti anga, tikhale pansi."
Tuu. Tuu. Tuu.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi
ndi fayilo yanga yodyedwa ndi mphemvu m'makona,
mpaka ku ofesi yokhala ndi khomo ndi chikwangwani.
Mzere wautali, benchi yolimba,
kalaliki wotopa wosadziwa n'komwe dzina langa.
Anasakatula, anayasamula:
"Mulibe ngongole, bambo. Wotsatira!"
Sindinasangalalepo chonchi
ndi munthu wosandipatsa ulemu.

A Chimpeni, telala wa pakhonde la sitolo ya mpendadzuwa,
iwo sanaopsezedwe ndi loko.
Anawanyengerera.
Imelo inagwa pafoni yomwe mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni,
chidindo pamwamba, mitundu yake yomweyo:
munalipira mopyola, dinani apa tikubwezereni.
Anadina.
Analemba manambala anayi aja
omwe ngakhale mayi a kunyumba sawadziwa.
Madzi a tiyi asanawire
ndalama za nsalu ya mayunifolomu a sukulu ziwiri
zinali zitapita kwa Sitivini wina.

Masiku ano amapalasa makina osayankhula.
Anthu amati safunsa anadya phula,
ine sindinena nawo.
Pakati pa iwo ndi ine
panangoima mtsikana wa ambulera yozilala
ndi tambala wosadziwa nthawi.

Miyezi ya msonkho yafikanso.
Foni zikulira m'magolosale, m'mabutchala, kwa owotcherera zitsulo,
mawu omwe aja, osalala,
akuti lero, akuti pompano, akuti musauze munthu.
Ndaphunzira kuti wondithamangitsa
akuopa kuti ndingakhale pansi n'kuganiza.
Ndiye ndimakhala pansi.
Ndimadula, ndimafunsa wina,
ndimapita ndi miyendo yanga kumene kuli khomo.
Manambala anayi aja ndi anga
ngati mano otsala m'kamwa muno.

Nambala yanga ikadali pakhoma, penti yayamba kusupuka.
Sindiifufuta, alimi a mpunga amaifuna.
Koma ikalira foni, dzina losadziwika,
ndimazimitsa chigayo kaye,
mankhusu akhazikike,
ndimvetsere bwino
zomwe zikulira kuseri kwa mawuwo.